Anatola Zimene Hollywood Inataya

Pa 7 Disembala 2024, mumzinda wa Dallas ku America, nsapato zofiira zinagulitsidwa pa okushoni ya kampani ya Heritage pa mtengo wa madola 28 miliyoni. Atawonjezerapo gawo la kampaniyo, wogula analipira madola 32.5 miliyoni. Si nsapato za golide ayi. Ndi nsapato wamba zokutidwa ndi timikanda tonyezimira, zimene mtsikana wa zaka 16, Judy Garland, anavala posewera ngati Dorothy mu filimu ya The Wizard of Oz ya mu 1939. Wogulayo sanafune kudziwika. Munthu akamva zotere amafulumira kunena kuti olemera asowa chochita ndi ndalama, ndipo sakulakwa kwenikweni. Koma mtengowo usatiphimbe m'maso. Chofunika kufunsa n'chakuti nsapatozo zinafika bwanji mpaka lero, chikhalirecho kampani imene inazisoketsa inaziiwala m'chipinda cha katundu kwa zaka 30. Tikalondola yankho lake tipeza kuti zambiri zimene dziko lili nazo za mafilimu akale, kuyambira zovala mpaka mafilimu enieniwo, zinapulumuka chifukwa cha anthu okonda kanema amene ankatola zimene eni ake ankataya. Anthu amenewo ayenera ulemu. Ndipo chifukwa chimene tikuwalemekezeracho ndi chomwechonso chimene chikutilola kudzudzula msika wa masiku ano, umene ukuchotsa zinthuzi pamaso pa anthu n'kukazitsekera m'nyumba za mpondamatiki.

Tiyambe taiwala kaye ulemu umene mafilimu a Charlie Chaplin, Greta Garbo kapena Humphrey Bogart ali nawo lero. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 eni makampani ankaona filimu ngati tomato wa pamsika: gulitsa lero, mawa ubweretse wina. M'makomo munalibe wailesi ya kanema, matepi a vidiyo kunalibe, choncho filimu ikazungulira m'nyumba zoonetsera kwa miyezi ingapo, ntchito yake inali yatha. Kuisunga kunali kulipira malo pachabe, komanso kuika moyo pachiswe, pakuti mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 mafilimu ankajambulidwa pa pulasitiki ya nitrate, imene imatha kuyaka yokha ikatenthedwa ndipo madzi saizimitsa. Ikakalamba imayamba kunyata, kenako imasanduka fumbi. Mu Julaye 1937 moto unapsereza nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, m'chigawo cha New Jersey, ndipo mafilimu ake ambiri osalankhula anathera pomwepo, kuphatikizapo a Theda Bara, mayi amene ankadzaza nyumba zoonetsera m'nthawi yake koma lero timangomuonera pa zithunzi ndi pa mafilimu ochepa kwambiri. Mu 1965 moto wina ku kampani ya MGM unatha kope lomaliza lodziwika la London After Midnight ya Lon Chaney. Komabe moto tisausenzetse mlandu wonse. Makampani ankaphwanya okha mafilimu kuti atengemo siliva, ndipo Universal inawononga dala mafilimu ake ambiri osalankhula mu 1948. Lipoti limene Library of Congress inatulutsa mu 2013 linapeza kuti pa mafilimu aatali osalankhula pafupifupi 11,000 amene anapangidwa ku America kuchokera mu 1912 kufika mu 1929, okwana 70 pa 100 alionse anatayikiratu.

Ngati mafilimu enieniwo ankatayidwa chonchi, nanji zovala ndi mipando. Chaka chimene mtima umenewu unaonekera poyera ndi 1970. Chaka chapambuyo pake Kirk Kerkorian, munthu wa bizinesi amene maso ake anali pa mahotela a ku Las Vegas, anali atagula ulamuliro wa MGM, kampani imene kwa zaka 40 inali yolemekezeka kuposa zonse ku Hollywood. Iye ndi James Aubrey, amene anamuika kukhala mkulu wa kampaniyo, anafuna ndalama msanga. Anagulitsa katundu yense wa m'nkhokwe kwa wamalonda David Weisz pa madola pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo Weisz anachititsa okushoni ya masiku 18 mu Meyi 1970. Zinapita ngolo za akavalo za mu Ben-Hur, chinapita chombo cha mu Show Boat, anapita madiresi a Garbo, masuti a Clark Gable, ndipo zovala zotsala zinagulitsidwa motchipa kwa aliyense wofika. Chomvetsa chisoni kwambiri si zimene zinagulitsidwa koma zimene sanazione n'komwe kuti zingagulidwe. Mapepala a nyimbo za mafilimu a MGM, amene oimba mazana ankawerenga poimba, anakatayidwa kudzala. Patapita zaka zambiri, wotsogolera oimba wa ku Britain, John Wilson, anachita kukhala pansi n'kumamvetsera mafilimuwo mobwerezabwereza, kulemba chida chilichonse ndi khutu, kuti nyimbozo ziimbidwenso pamaso pa anthu ku London mu 2009.

Pa okushoni ya 1970 ija panali Debbie Reynolds. Iyeyu anakulira pa MGM pomwepo, ndipo anali ndi zaka 19 pamene ankavina ndi Gene Kelly mu Singin' in the Rain. Anapempha kuti katunduyo asungidwe pamodzi, koma osamumvera. Ndiye anatulutsa ndalama za m'thumba mwake n'kumagula tsiku ndi tsiku, ndipo chaka chotsatira anachitanso chimodzimodzi pamene 20th Century Fox inagulitsa katundu wake. Panalinso mnyamata wosamalira zovala, Kent Warner, amene analembedwa ganyu yosanja katundu wa pa okushoniyo. Ndi iye amene anafukula nsapato za Dorothy, ndipo anapeza kuti sizinali peyala imodzi yokha koma mapeyala angapo. Peyala imodzi inagulidwa pa madola 15,000, ndipo mu 1979 inaperekedwa mwaulere ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian ku Washington, kumene anthu mamiliyoni aiona. Nkhani ya mtengowo itatuluka m'nyuzipepala, mayi wina wa ku Memphis, Roberta Bauman, anaulula kuti iyenso anali ndi peyala yake, imene anapata pa mpikisano ali mtsikana wa sukulu mu 1940. Kampani inaipereka ngati mphatso wamba, iye anaisunga kwa zaka 48.

Za zovala zili apo, ngongole yaikulu imene tili nayo kwa anthu otolerawa ndi ya mafilimu enieniwo. Ku Paris, Henri Langlois anayamba kutola mipukutu ya mafilimu osalankhula m'zaka za m'ma 1930, pamene aliyense ankaitaya chifukwa kanema wolankhula anali atabwera. Ina ankaisunga m'bafa la kunyumba kwawo. Mu 1936 iye ndi anzake anakhazikitsa Cinémathèque française, ndipo asilikali a Germany atalanda France, anabisa mafilimu ambiri amene akanawonongedwa. Achinyamata amene ankakhala pa mipando ya kutsogolo m'chipinda chake choonetsera, François Truffaut ndi Jean-Luc Godard, ndi amene anadzasintha kapangidwe ka mafilimu m'dzikolo. Ku London, Kevin Brownlow anali mwana wa sukulu pamene anapeza mipukutu iwiri ya Napoléon, filimu ya Abel Gance ya mu 1927 imene inali itadulidwadulidwa n'kumwazikana. Anatha zaka zoposa 20 akusakasaka zidutswa zake, ndipo mu 1979 anaionetsa ku Telluride ku America, Gance mwini wake ali pomwepo, nkhalamba ya zaka 89. Metropolis ya Fritz Lang inadulidwa itangotuluka mu 1927, ndipo kwa zaka 80 anthu ankati zigawo zodulidwazo zinapita. Mu 2008 zinapezeka ku Buenos Aires, mu kope lochokera pa filimu imene wolemba nkhani za kanema, Manuel Peña Rodríguez, anaisunga mwa katundu wake. Mphindi pafupifupi 25 zinabwezeretsedwa. Beyond the Rocks, filimu yokhayo imene Rudolph Valentino ndi Gloria Swanson anasewera limodzi, inatulukira m'zitini za munthu wina wotolera mafilimu ku Netherlands iye atamwalira. Palibe kampani ya ku Hollywood imene inatuma anthuwa, ndipo palibe imene inawalipira.

Wina anganene kuti za mafilimu zamveka, koma nsapato ndi diresi n'zachibwana, mwinanso kupembedza mafano. Filimu ndi imene ili ndi luso. Chovala chikachoka pathupi la wosewera chimangokhala nsalu. Mawuwa ali ndi mphamvu, chifukwa alipodi anthu amene amagula tsitsi kapena botolo la mankhwala la munthu wotchuka, ndipo zimenezo sizitiphunzitsa kanthu. Koma chovala chimene chinasokedwera filimu ndi umboni wa ntchito. M'buku la L. Frank Baum nsapato za Dorothy ndi zasiliva. A MGM anazisandutsa zofiira chifukwa ankafuna kuti ziwale pa Technicolor, njira yatsopano yojambulira ya mitundu. Wokonza zovala, Adrian, ndi amisiri ake anasokerera timikanda toposa 2,000 pa nsapato iliyonse, tofiira moderapo kuposa mmene timaonekera pa kanema, poti magetsi amphamvu a mu situdiyo ankasintha mtundu. Kunsi kwa mapeyala ena anamatako nsalu yokhuthala kuti mapazi asamagogode pa matabwa pojambula mawu. Zonsezi simungazione mu filimu, mumaziona mukagwada pafupi ndi nsapatoyo. Mayina a amayi amene anasoka madiresi a My Fair Lady kapena Gone with the Wind sanalembedwe pa kanema, ndipo chimene chatsala cha iwo ndi msoko wawo. Kutaya chovalacho n'kufafaniza amisiri amenewo kachiwiri.

Ndiponso tisaganize kuti chikondi chimenechi n'cha azungu okha. Katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Hortense Powdermaker, atakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, analemba mmene anthu a m'migodi ya kopa ankakondera mafilimu a makauboyi, mmene ankakuwira ndi kuimirira nkhonya zikayamba, ndi mmene ana a m'makomboni ankasewerera zimene aona. M'migodi imeneyo munalinso anthu ochokera ku Nyasaland. Akuluakulu a atsamunda ankadula mafilimuwo poopa kuti awononga anthu akuda, koma oonerawo ankatolamo zawo. Mbiri ya Hollywood ili ndi mbali imene inalembedwera kuno.

Chitsutso chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba: ambiri mwa anthu otolerawa ankatenga zinthu zosakhala zawo. N'zoona. Kent Warner sanapereke mapeyala onse kwa amene anamulemba ntchito. Ina anasunga, ina anagulitsa mwamseri. Mafilimu ambiri amene anali m'manja mwa anthu anatuluka pakhomo la kuseri, kudzera mwa oonetsa kanema kapena antchito amene anauzidwa kuti akawawononge. Mu Disembala 1974 a FBI anachita chipikisheni kunyumba ya wosewera Roddy McDowall n'kulanda mafilimu ndi matepi ake, ngakhale kuti sanamuimbe mlandu. Langlois nayenso sanali mngelo: kasungidwe kake kanali kosalongosoka, ndipo mu 1959 moto unawononga mafilimu ena amene anali m'manja mwake. Kuba ndi kuba, ndipo palibe chifukwa chokupaka mafuta. Koma tiyeni tiyang'ane chimene chinali mbali inayo ya sikelo. Sikuti zinthuzi zikanapanda kutengedwa zikanakhala m'kabati yabwino ya kampani. Zambiri zikanapita kumoto kapena kudzala. Ndipo makampani omwewo amene ankatumiza apolisi, matepi a vidiyo ndi ma DVD atabwera n'kuonetsa kuti filimu yakale ndi ndalama, anayamba kugogoda pa zitseko za otolera kupempha zigawo zimene iwo anataya. Lamulo linali kumbali ya eni katundu, koma ntchito yosunga inagwiridwa ndi enawo.

Pali chitsutso china chimene munthu wakuda sangachilambalale. Hollywood ya nthawi imeneyo inali malo a nkhanza ndi tsankho. Judy Garland mwini nsapato ankapatsidwa mapiritsi ochepetsa thupi ndi ogonetsa ali mwana, ndipo anamwalira ku London mu 1969 ali ndi zaka 47 zokha. Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kupata mphotho ya Oscar, sanaloledwe kukhala nawo pa chionetsero choyamba cha Gone with the Wind ku Atlanta, ndipo usiku wolandira mphotho yake mu 1940 anamukhazika pa tebulo lapadera, kutali ndi anzake osewera nawo. Nanga kukonda zinthu za nthawi imeneyo si kukometsera zoipazo? Kungakhale kutero ngati wokondayo atseka maso. Koma taonani amene anavutika kwambiri ndi kutaya. Mphotho ya McDaniel, imene anaisiyira yunivesite ya Howard, inasowa, ndipo a Academy, bungwe lopereka mphothozi, anachita kupereka ina m'malo mwake mu 2023. Oscar Micheaux, munthu wakuda amene anapanga mafilimu oposa 40 kunja kwa makampani akuluakulu, ambiri mwa mafilimu ake anatayika. Within Our Gates ya mu 1920, imene inaonetsa poyera kuphedwa kwa anthu akuda ndi magulu a azungu, inapulumuka chifukwa kope limodzi linapezeka ku Spain. Mu 1983 mulu wa mafilimu opangira anthu akuda unapezeka m'nyumba yosungiramo katundu ku Tyler, Texas. John Kisch anatha zaka zambiri akutolera mapositala ndi zithunzi za osewera akuda pamene msika sunkazifuna, mpaka zinakwana zoposa 37,000, ndipo tsopano zili m'manja mwa Lucas Museum ku Los Angeles. Kutaya sikulanga ochita tsankho. Kumayamba ndi kufufuta amene anali kale m'mphepete, ndipo umboni wa nkhanzazo umapita nawo limodzi.

Apa ndi pamene nkhani ikutembenukira, chifukwa anthu amene tawatchulawa anali ndi khalidwe limodzi: ankafuna kuti ena aone. Langlois ankakhulupirira kuti filimu iyenera kuonetsedwa, ndipo ankaonetsa usiku uliwonse. Forrest Ackerman, mkonzi wa magazini ya Famous Monsters of Filmland, ankatsegula nyumba yake ku Los Angeles Loweruka kuti aliyense alowe kudzaona zinthu za m'mafilimu oopsa. Debbie Reynolds sanagule madiresi kuti adzapindule. Kwa zaka 40 anafunafuna nyumba yowaonetseramo. Anayesa mu hotela yake ku Las Vegas, koma bizinesiyo inagwa mu 1997. Anayesa ku Hollywood komweko, osatheka. Anayesa ku Pigeon Forge m'chigawo cha Tennessee, ndipo nazonso zinathera m'ngongole. Ankanena poyera kuti anapita kwa a Academy kangapo konse koma anabwerako chimanjamanja. Pa 18 Juni 2011 anagonja n'kuyamba kugulitsa. Diresi loyera la Marilyn Monroe, lija limauluka ndi mphepo mu The Seven Year Itch, linagulidwa pa madola 4.6 miliyoni, la Audrey Hepburn la mu My Fair Lady pa madola 3.7 miliyoni, ndipo zimene anazisonkhanitsa kwa moyo wake wonse zinamwazikira m'manja mwa ogula osadziwika a m'maiko osiyanasiyana. Katundu wa Ackerman nayenso anamwazika chimodzimodzi. Reynolds anamwalira mu Disembala 2016, ndipo Academy Museum inatsegulidwa mu Seputembala 2021. Chipinda cha m'nyumbayo chokonzera zovala zakale anachitcha dzina la mayiyu. Ndi ulemu woyenera, koma unabwera madiresi atapita kale.

Oteteza msika ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Amati mtengo ndi umene umateteza chinthu. Kale mapositala a mafilimu ankatayidwa kapena kumatidwa m'makoma kuti atchinge chisanu. Lero, poti positala ya Dracula ya mu 1931 inagulidwa pa madola 525,800 mu 2017, palibe amene angaponye pamoto pepala lakale la kanema asanafunse. Makampani tsopano ali ndi nkhokwe zosamalidwa bwino. Sileji (kangolo kotsetsereka pa chipale chofewa) ya Rosebud ya mu Citizen Kane, imene wotsogolera mafilimu Joe Dante anaipulumutsa mu 1984 pamene ankasesa katundu wakale pa situdiyo, inagulidwa pa madola 14.75 miliyoni mu 2025, ndipo n'zosakayikitsa kuti siidzayandikiranso dzala. Zonsezi n'zoona, ndipo wotsutsa msika ayenera kuzivomereza.

Koma kutetezedwa ku dzala si kofanana ndi kusungidwira anthu. Taganizirani njira imene nsapato za ku Dallas zija zinadutsamo. Mwini wake, Michael Shaw, ankazibwereketsa kuti anthu azione, ndipo mu Ogasiti 2005 zinali ku Judy Garland Museum ku Grand Rapids, Minnesota, tauni imene Garland anabadwira. Mbala inaswa galasi ndi hamala n'kuzitenga, poganiza kuti chinthu cha inshulansi ya madola 1 miliyoni chiyenera kukhala ndi miyala yeniyeni ya mtengo wapatali. Zinasowa zaka 13 mpaka a FBI anazipeza mu 2018. Pamene zinkapita pa okushoni, kanyumba ka ku Grand Rapids kaja kanasonkhanitsa zopereka za anthu, boma la Minnesota linaikapo madola 100,000, koma mtengo unawapitirira m'mphindi zochepa. Pa mitengo yotere palibe nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ingapikisane. Mtengo wakwera unabweretsanso achinyengo: ku America munthu wina anamangidwa chifukwa chogulitsa mapositala abodza a mafilimu oopsa a Universal, ndipo alipo makampani amene amadula chovala cha katswiri m'tizidutswa n'kumata pa timakadi togulitsa, poti tizidutswa mazana timabweretsa ndalama zambiri kuposa chovala chathunthu. Diresi limene Marilyn Monroe anavala poimbira Pulezidenti John Kennedy pa 19 Meyi 1962 linagulidwa ndi kampani ya Ripley's pa madola 4.8 miliyoni mu 2016, ndipo mu 2022 kampaniyo inalola Kim Kardashian kulivala kuphwando la Met Gala. Akatswiri osamalira nsalu zakale, kuphatikizapo a bungwe la nyumba zosungiramo zinthu zakale la ICOM, anadzudzula. Kampaniyo inati silinawonongeke. Kaya linawonongeka kaya ayi, nsalu yopyapyala ya zaka 60, yosokedwera thupi la munthu mmodzi, inaikidwa pangozi chifukwa chofuna kutchuka, ndipo panalibe lamulo loletsa poti mwini katundu ndi mwini.

Chinanso n'chakuti ndalamazi zimathamangira mayina ochepa okhaokha: Monroe, Garland, Hepburn, Bogart, kachifanizo ka mbalame ka mu The Maltese Falcon kamene kanagulidwa pa madola oposa 4 miliyoni mu 2013. Pamene izi zili chonchi, m'nkhokwe za mafilimu padziko lonse muli mipukutu ya nitrate imene ikunyata chaka ndi chaka, kudikira ndalama zoikoperera. Mtengo wa peyala imodzi ya nsapato ukanakonza mafilimu makumi ambiri. Msika sufunsa kuti chofunika kupulumutsidwa msanga n'chiti. Umafunsa kuti chidzakwera mtengo n'chiti. Munthu wogula diresi la Monroe ngati malo obisirako chuma, n'kulitsekera m'chipinda chozizira chimene ngakhale iye mwini salowamo, sali m'gulu la Langlois ndi Reynolds, ngakhale onse amatchedwa otolera. Iye akukolola pamene sanalime, pakuti mtengo wa diresilo unapangidwa ndi anthu mamiliyoni amene anakonda filimuyo, ndipo anthu omwewo ndi amene akumanidwa kuliona.

Njira zabwino zilipo, ndipo zayesedwa kale. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, aliyense wolandira Oscar amasayina kuti iye kapena ana ake sangaigulitse asanaipereke kaye kwa a Academy pa mtengo wochepetsetsa, umene lero ndi dola imodzi. Lamulo limeneli lachotsa mphotho zambiri pamsika. Zakale zimene lamulolo silizikhudza, ena azigula n'kuzibweza: Steven Spielberg anagula ya Clark Gable mu 1996 ndi ya Bette Davis mu 2001, zonse n'kuzipereka ku Academy. Mu 2012 Leonardo DiCaprio, Spielberg ndi anzawo anasonkherana kugula peyala ina ya nsapato za Dorothy kuti ikhale ya anthu onse. Mu 2016 a Smithsonian atapempha thandizo pa intaneti kuti akonze peyala yawo, anthu wamba masauzande anasonkha madola oposa 300,000 pasanathe mwezi, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inathandiza akatswiri awo kutsimikizira a FBI kuti zobedwa zija zinali zenizeni. The Film Foundation, imene Martin Scorsese anaikhazikitsa mu 1990, yathandiza kukonza mafilimu oposa 1,000, ndipo kuyambira mu 2017 ikugwira ntchito ndi bungwe la opanga mafilimu a mu Africa la FEPACI komanso UNESCO pofunafuna ndi kukonza mafilimu 50 a kuno. Palibe chovuta kuti makampani a okushoni azipatsa kaye mpata nyumba zosungiramo zinthu zakale, kapena kuti wogula chinthu chotchuka chotere azilonjeza kuchibwereketsa kuti anthu achione. Amene angathe kulipira madola 32.5 miliyoni angathenso kulipira mlonda ndi galasi.

Kuno kwathu nkhaniyi si yongomvera kutali. Ku Ghana, m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ojambula ankapenta mapositala a mafilimu pa matumba a ufa wa tirigu kuti oonetsa vidiyo aziyenda nawo m'midzi. Ntchito yawo itatha ambiri anatayidwa, ndipo abwino amene anatsala anagulidwa ndi otolera a ku America ndi ku Ulaya, kumene lero akuonetsedwa m'nyumba za zaluso. Pakati pa 1935 ndi 1937, gulu la Bantu Educational Kinema Experiment linapanga mafilimu 35 ku Tanganyika, osewera ake anthu akuda, n'kuwaonetsa m'midzi ndi m'matauni mpaka ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia. Anali mafilimu a atsamunda, ophunzitsa anthu mowaderera, komabe munali nkhope, mavalidwe ndi mayendedwe a agogo a m'chigawo chino. Atatu okha ndi amene akudziwika kuti alipo, ndipo ali ku London. Inu amene muli ndi mpukutu wa filimu, positala ya kanema wakale, tikiti kapena tepi ya sewero m'sutikesi ya malemu bambo anu, musaitaye ndipo musaigulitse kwa woyamba kufika. Lembani dzina la mwini wake, chaka ndi malo amene inachokera, ndipo mukaionetse kwa osunga mbiri ku National Archives ku Zomba kapena ku Lusaka chinyontho ndi chiswe zisanaimalize.